Kodi E wa mu kompyuta uja ndi wa chiyani?

FUNSO: Ndine mlembi wa kalabu ya alimi ku Jenda. Ndikalemba manambala a foni a mamembala mu Excel, kuyamba ndi 265, onse amasanduka 2.66E+11. Anzanga a pa boma pa Mzimba akuti E ameneyu ndi Error. Zoona?

YANKHO: Anzanuwo akunamizani, a mlembi, ndipo bodza limeneli lagulitsa kale makompyuta abwinobwino pamtengo wa nkhuku. E ndi chidule cha exponent. Makinawo akungonena kuti kadontho ka mu 2.66 mukasunthire kumanja malo 11. Excel imatero ikakumana ndi nambala ya madijiti 12 kapena kuposa, ndipo 265 mukamuphatikiza ndi madijiti 9 a foni akwana 12 ndendende. Ya TNM imayamba 26588, ya Airtel 26599. Pamalo popanikiza zonse zimathera pa 2.66, n'chifukwa chake kalabu yonse ikuoneka ngati ili ndi foni imodzi.

Koma gwero la nkhaniyi ndi mchenga. Archimedes wa ku Syracuse, amene anaphedwa ndi msilikali wa Aroma m'chaka cha 212 Yesu asanabadwe, zinkamunyansa kumva anthu akuti mchenga suwerengeka. Agiriki anzake mawu a manambala ankathera pa 10,000. Iye anachulukitsa 10,000 ndi 10,000, n'kupanga 100,000,000 kukhala khwerero loyamba, kenaka n'kumasanjikiza makwerero ena pamwamba pake. Atatero analembera mfumu Gelon kuti ngakhale mutadzaza thambo lonse ndi mchenga mpaka ku nyenyezi, timchengato sitingapose 1 wotsatidwa ndi maziro 63. Munthu wopanda ziro, wopanda pepala lenileni! Excel yankho lakelo ingalilembe 1E+63.

Kanambala kakang'ono kolembedwa pamwamba kosonyeza exponent kanatchuka ndi René Descartes mu 1637. Makina a IBM a m'ma 1950 sankatha kukweza kanambalako, choncho chinenero cha kompyuta cha Fortran chinaika E pamzere womwewo.

Wina anganene kuti alimi a ku Jenda alibe nazo ntchito za thambo, makinawo angosiya nambala mmene ilili. Komatu nambala ya foni si chiwerengero, ndi dzina. Palibe amaphatikiza mafoni awiri kuti apeze yachitatu. Kompyuta siingadziwe izi musanaiuze, n'chifukwa chakenso imameza ziro wa 099. Musanalembe, sankhani Text pa mzere wonsewo. Chenjerani ndi ziwiri izi: mukasunga fayilo ngati CSV E ali pomwepo, madijiti enawo apita basi, ndipo Excel imakumbukira madijiti 15 okha, kotero nambala ya khadi la kubanki ya madijiti 16 imathera pa ziro amene simunalembe.