Buku limene ankalikopa mobisa: mmene ophunzira analowera mkati mwa kernel

Mu 1977, John Lions, mphunzitsi wa pa University of New South Wales ku Sydney, anagawira ophunzira ake mabuku awiri. Limodzi linali ndi code ya kernel ya Unix, mtundu wachisanu ndi chimodzi, mizere pafupifupi 9,000, uliwonse ndi nambala yake. Linalo linali ndemanga zake: mzere wakutiwakuti ukuchita chakuti, chifukwa chake ndi ichi, apa olemba anachenjera, apa akanatha kuchita bwinoko. Ife a zolembalemba njira imeneyi timaidziwa. Ndi momwe timawerengera ndakatulo yovuta kapena ndime ya m'Baibulo, mawu mbali ino, womasulira mbali inayo. Lions anaona pulogalamu ya kompyuta ngati cholembedwa choyenera kuchiwerenga modekha, ndipo patangotha zaka ziwiri khomo limene anatsegulali linayamba kutsekedwa.

Kwa amene mawuwa ndi achilendo: kernel ndi gawo la operating system limene limakhala pakati pa mapulogalamu anu ndi makina enieniwo. Ndi imene imasankha pulogalamu yoti igwiritse ntchito purosesa panthawi ino, imagawa memory, imasamala mafayilo. Driver (osati dalaivala wa minibasi, ngakhale ntchito zawo zikufananako) ndi kagawo kamene kamadziwa kuyankhula ndi chipangizo chimodzi, kaya kiyibodi, disiki, kamera kapena khadi ya WiFi. Mukalakwitsa polemba pulogalamu wamba, imafa yokha, inu n'kuyambiranso. Mukalakwitsa mu kernel, makina onse amangoti zii, mwinanso osakuuzani chimene chawapha. N'chifukwa chake ntchito imeneyi siiphunzirika pongomva mphunzitsi akufotokoza pa bolodi. Munthu amayenera kuona mmene ena analembera yeniyeni, imene inagwiradi ntchito. Choncho mbiri ya ophunzira kernel, ine ndikuona, kwenikweni ndi mbiri ya amene ankaloledwa kuwerenga ndi amene ankakanizidwa.

Unix inabadwira ku Bell Labs mu 1969, m'manja mwa Ken Thompson ndi Dennis Ritchie. Zinthu ziwiri zinachititsa kuti ikhale yowerengeka. Choyamba, mu 1973 anailembanso m'chiyankhulo cha C, chimene munthu amatha kuchitsata, pomwe ma operating system ambiri a nthawiyo ankalembedwa m'chiyankhulo cha makina amodzimodziwo. Chachiwiri si cha sayansi n'komwe. Kampani ya AT&T, mwini wake wa Bell Labs, inali itamangidwa manja ndi mgwirizano wa kukhothi wa 1956 umene unkailetsa kuchita malonda ena kupatula a matelefoni. Poti sikanatha kugulitsa Unix ngati katundu wa pamsika, inkaipereka ku mayunivesite pamtengo wochepa, pamodzi ndi code yake. Mwayi wa ophunzira a Lions sunachokere ku mtima wabwino wa kampani. Unachokera ku lamulo limene kampaniyo sinkalifuna.

Mtundu wachisanu ndi chiwiri utatuluka mu 1979, AT&T inali itazindikira kuti yagwira chinthu cha ndalama. Laisensi yatsopano inaletsa kuphunzitsa code m'kalasi, ndipo buku la Lions linkaloledwa kwa okhawo amene anali ndi laisensi. Zimene zinatsatira aliyense amene anaphunzirapo pamalo pomwe buku ndi limodzi ophunzira 100 angazimvetse: fotokope. Munthu ankakopa kope la mnzake, limene nalonso linali kope la kope, mpaka zilembo kumafufutika. Kwa zaka pafupifupi 20 bukuli linayenda choncho, m'zikwama ndi m'madirowa. Mkati mwake, pa mzere 2238, pomwe kernel imasiya pulogalamu ina n'kutenga ina, olemba Unix anasiyapo kandemanga kouza wowerenga kuti sakuyembekezeka kumvetsa zimene zikuchitika pamenepo. Kandemangako kanatchuka mpaka kumalembedwa pa malaya. Bukuli linasindikizidwa movomerezeka mu 1996, Lions atadwala kale, ndipo anamwalira mu Disembala 1998.

Andrew Tanenbaum wa pa Vrije Universiteit ku Amsterdam anali mmodzi wa aphunzitsi amene laisensi ya 1979 inawalanda chophunzitsira. Iye sanapite ku makina a fotokope. Anakhala pansi n'kulemba operating system yakeyake yochita ngati Unix koma yopanda mzere ngakhale umodzi wa AT&T. MINIX inatuluka mu 1987 pamodzi ndi buku lake, Operating Systems: Design and Implementation, mmene munasindikizidwa mizere pafupifupi 12,000 ya code. Chachikulu chinali chakuti inkayenda pa IBM PC, kompyuta imene wophunzira akanatha kukhala nayo m'chipinda chake, osati PDP-11 ya yunivesite yofuna kupempha nthawi. Anthu anayamba kumutumizira zowonjezera, koma zambiri ankazikana. Ankafuna MINIX ikhalebe yaing'ono kuti wophunzira aimalize kuwerenga m'semesita imodzi. Ambiri amamunena kuti anali wouma mutu. Ine ndimaima naye: anali mphunzitsi, ndipo ankateteza kalasi yake.

Komabe kukana kumeneko ndi kumene kunasiya mpata. Mu Januware 1991, Linus Torvalds, wophunzira wa zaka 21 pa University of Helsinki amene anali atawerenga buku la Tanenbaum, anagula kompyuta ya purosesa ya 386 n'kuikamo MINIX. Sanakhutire ndi pulogalamu yolumikizira ku kompyuta ya kuyunivesite kudzera pa lamya, ndiye analemba yake, yoyankhula mwachindunji ndi kiyibodi, sikirini ndi modemu. Atafuna kusunga mafayilo amene ankakoka, anafunika driver ya disiki. Atalemba imeneyo, anafunikanso njira yosanjira mafayilowo. Pang'onopang'ono zinthuzo zinasanduka kernel. Anthu amakonda kuinena nkhaniyi ngati ya mnyamata wanzeru zodabwitsa amene analota kugonjetsa makampani, koma mukaitsata bwino muona wophunzira akulimbana ndi zipangizo zimene zili patebulo pake, chimodzichimodzi. Polengeza ntchito yake pa 25 Ogasiti 1991 ananena yekha kuti ndi yongosangalatsa mtima, ndipo mwina sidzagwira ndi madisiki ena kupatula mtundu umene iye anali nawo. Linux 0.01, ya mu Seputembala chaka chomwecho, inali ndi mizere pafupifupi 10,000, ndipo inkangodziwa kiyibodi ya ku Finland.

Kuchepa kumeneku ndi kumene kunaitana anthu. Mu 1992 Torvalds anaika Linux pa laisensi ya GPL, imene imalola aliyense kuwerenga, kusintha ndi kugawa code, bola akagawa asabise zimene wasinthazo. Munthu wokhala ndi khadi ya network kapena CD-ROM imene Linux sinkaidziwa ankangoyenera kusankha: adikire, kapena alembe driver yekha. Ambiri analowa pakhomo limeneli. Driver ndi malo abwino oyambirapo chifukwa ili ndi malire. Simufunika kumvetsa kernel yonse. Mumafunika kudziwa chipangizo chanu, mmene chimaitanira purosesa chikakhala ndi uthenga, ndi malamulo ochepa a mmene kernel imafunira kuti muilankhule. Buku la Alessandro Rubini, Linux Device Drivers, linatuluka mu 1998, ndipo chitsanzo chake choyamba chachikulu ndi driver ya chipangizo chongopeka chimene chimakhala mu memory basi, kuti wophunzira asawononge kanthu. Kusindikiza kwachitatu, kwa mu 2005, kumene analemba ndi Jonathan Corbet ndi Greg Kroah-Hartman, kunaikidwa pa intaneti kwaulere. Kuchoka pa buku lobisa m'dirowa kufika pa buku loti aliyense akoke, panadutsa zaka zosakwana 30.

Apa nkhani ikanakoma kuithera, koma khomo linapeza njira ina yotsekekera. Linux lero yapitirira mizere 30 miliyoni, ndipo yoposa theka ndi ma driver. Palibe lamulo lokuletsani kuiwerenga, palibenso munthu amene angaimalize. Buku la 2005 lija limafotokoza Linux 2.6.10, ndipo zitsanzo zake zambiri sizigwiranso popanda kuzikonza, pakuti kernel imasintha njira zake zamkati nthawi iliyonse imene osamalira aona kuti n'koyenera. Chimene Tanenbaum ankaopa chinachitikadi, kungoti chinachitikira kwa mnzake.

Anthu a Linux anayesa kumanga makwerero. Mu 2008 Kroah-Hartman anatsegula gawo lotchedwa staging, mosungira ma driver amene sanafike pa muyezo, ndipo oyamba kumene ambiri amatumiza kukonza kwawo koyamba kumeneko. Mu 2013 kernel inalowa mu pulogalamu imene pano imatchedwa Outreachy, yolipira ophunzira ntchito kwa miyezi itatu, poyamba makamaka amayi. Zimenezi ndi zabwino, ngakhale ndili ndi kadandaulo. Kukonza koyamba kwa ambiri kumakhala kuwongola mipata ndi kalembedwe kamene kapulogalamu ka checkpatch kadandaula. Munthu amaphunzirapo mwambo wotumizira ntchito ndi kulandira chidzudzulo, koma akhoza kutumiza kangapo konse asanadziwe chimene driver imene akuisesayo imachita. Kusesa pabwalo la mfumu sikuphunzitsa kuweruza milandu.

Ndipo makwerero amenewa amadalira kukhulupirirana. Mu Epulo 2021, Kroah-Hartman analetsa zotumiza zonse zochokera ku University of Minnesota, zitadziwika kuti ofufuza ena a kumeneko anatumizapo dala code yolakwika pofuna kuona ngati osamalira angaigwire. Ofufuzawo anapepesa, koma ntchito yambiri imene anthu a payunivesiteyo anatumiza kale inayenera kuunikidwanso, ndipo ophunzira amene sanalakwe kanthu anapsera limodzi. Amene amawerenga zotumiza za oyamba kumene ndi anthu ochepa, otopa kale. Aliyense wowaseweretsa amachepetsa chipiriro chimene wophunzira wotsatira adzachifune.

Mayunivesite ena anasankha kubwerera ku chaching'ono. Ku MIT ankaphunzitsa ndi Unix yachisanu ndi chimodzi yomwe ija ndi ndemanga za Lions, koma ophunzira ankavutika ndi C wachikale ndi makina a PDP-11 amene sanawaonepo. Mu 2006 Russ Cox, Frans Kaashoek ndi Robert Morris anailembanso mwamakono n'kuitcha xv6, nayonso ndi kabuku kake ka ndemanga. Pano inasamukira pa purosesa ya RISC-V, ndi yaulere, ndipo imayenda mkati mwa QEMU, pulogalamu imene imanamizira kompyuta ina mkati mwa yanu. Laputopu yakale ikwanira, ndipo kernel ikafa mumangoiyatsanso osataya asayimenti yanu.

Chimene chikadali chotseka lero ndi chipangizo chenichenicho. Foni ya Android imene ili m'thumba mwanu ikuyenda pa kernel ya Linux, ndipo GPL imakakamiza opanga kuti apereke code ya kernel imeneyo. Koma zigawo zina zofunika, monga zoyendetsa zithunzi, kamera ndi modemu, nthawi zambiri zimabwera zotsekedwa, ndipo mapepala ofotokoza mmene chipu chimagwirira ntchito amaperekedwa kwa amene asayina kuti sadzaulula. Kampani ikasiya kusamala foni, foniyo imakalamba ikadali yamoyo, ndipo kwathu kuno, kumene foni imadutsa m'manja atatu kapena anayi isanatayidwe, izi si nkhani ya kutali. Wofuna kulemba driver popanda mapepalawo amayenera kubisalira: kuona zimene driver yotsekedwa ikutumiza ku chipu, kusintha kamodzi, kuonanso, mpaka chiyankhulo cha chipangizocho chitadziwika. Ndi momwe inalembedwera Panfrost, driver yotseguka ya zipangizo za zithunzi za Mali za kampani ya Arm, zimene zili m'mafoni ambiri otsika mtengo. Mmodzi wa amene anaitsogolera, Alyssa Rosenzweig, anayamba ntchitoyi ali wophunzira. Gawo lake la mu kernel linalowa mu Linux 5.2 mu 2019, ndipo Arm inayamba kuthandiza ntchitoyo chaka chotsatira, anthu ongodzipereka atamasulira kale zambiri mwa zimene inkabisa.