Eusébio, mwana wa ku Mafalala amene anagoletsera mbendera ya eni

 Mwezi uno pa tsamba la mbiri tikambe za mpira. Paja nkhani ya mpira ikabuka pagombe anthu akusoka maukonde, dzina la Eusébio silisowa. Wina amati, "Ameneyo ndi wathu." Wina amati, "Wathu bwanji, poti ankasewerera Apwitikizi?" Tiyeni tiyambe tamva mbiri yake, mlandu tigamule pambuyo.

Eusébio da Silva Ferreira anabadwa pa 25 Januwale 1942 ku Mafalala, dera la anthu osauka mumzinda wa Lourenço Marques, umene lero timautcha Maputo. Bambo ake anali ochokera ku Angola ndipo ankagwira ntchito ya njanji. Iwo anamwalira mwanayo ali ndi zaka 8, mai ake a Elisa n'kutsala ndi ana okha. Mpira wake woyamba unali sokosi yophathikamo mapepala, wosewera opanda nsapato pafumbi. Amene mumaona ana athu akumenya mpira wa majumbo pamchenga, chithunzi chake n'chomwecho basi.

Atakula pang'ono anafuna kulowa timu ya Desportivo, koma kumeneko anamukana. Timu ya Sporting ya ku Lourenço Marques ndiyo inamutenga. Apa m'pamene panayambira mkangano, chifukwa timu imeneyi inali ngati mwana wa Sporting ya ku Lisboa, pamene Desportivo inali pa ubale ndi Benfica. Mbiri ya mnyamatayu itamveka ku Ulaya, a Benfica anathamanga kukalankhula ndi mai ake n'kugwirizana nawo. Mu Disembala 1960 anakwera ndege kupita ku Lisboa, ndipo pouza anzawo za ulendowo a Benfica ankamutchula dzina lachikazi loti Ruth Malosso kuti a Sporting asadziwe. Kenako anakamubisa kwa masiku angapo ku Lagos, kum'mwera kwa Portugal, mpaka mlandu wa mapepala utazizira. Anali ndi zaka 18 zokha.

Sizinatenge nthawi kuti dziko limudziwe. Mu 1961 ku Paris, Benfica ikugonja kwa Santos ya Pelé, anamulowetsa masewero ali mkati ndipo anagoletsa zigoli zitatu. Pa 2 Meyi 1962 ku Amsterdam, mu ndime yomaliza ya chikho cha akatswiri a ku Ulaya, Benfica inakwapula Real Madrid 5-3, ziwiri zomaliza zili za Eusébio. Mu 1965 analandira Ballon d'Or, mphoto ya wosewera woposa onse ku Ulaya. Liwiro lake ndi ukali wa mwendo wake wamanja zinamupatsa dzina loti Pantera Negra, ndiye kuti kambuku wakuda. Pa zaka zonse zimene anakhala ku Benfica anatenga nawo ligi ya Portugal ka 11, nagoletsa zigoli 473 pa masewero 440 a mipikisano. Tawerenganinso bwino: zigoli zinachuluka kuposa masewero!

Nanga timu ya dziko? Apa ndiye pagona nkhani. Nthawi imeneyo kunalibe timu ya Moçambique yoti n'kupikisana ndi maiko ena. Boma la Salazar linkati dziko lathu ndi chigawo chabe cha Portugal cha kutsidya kwa nyanja. Choncho mwana wa ku Mafalala akafuna kusewera mpira wa maiko, malaya anali amodzi okha, a Portugal. Anawavala koyamba mu Okutobala 1961 pokumana ndi Luxembourg, ndipo anagoletsa tsiku lomwelo ngakhale timu yake inagonja.

Chaka chimene achikulire sachiiwala ndi 1966, pa chikho cha dziko lonse ku England. M'timu ya Portugal munali ana anayi obadwira kuno: Eusébio, Hilário, Vicente Lucas ndi kaputeni wawo Mário Coluna. Anagonjetsa Hungary, Bulgaria, kenako Brazil 3-1, Eusébio atamwetsa ziwiri. Pa 23 Julayi ku Liverpool anakumana ndi North Korea, ndipo mphindi 25 zisanapitirire Portugal inali italawa kale zitatu osabwezako. Aliyense anati zatha. Koma mnyamatayu anatola mpira muukonde, kuthamanga nawo pakati, nagoletsa zinayi motsatizana. Masewero anatha 5-3. Mu ndime yotsatira anagonja kwa England 2-1 pa bwalo la Wembley, ndipo Eusébio anatuluka akupukuta misozi ndi malaya. Portugal inathera pa nambala 3, iye ali patsogolo pa onse ndi zigoli 9.

Tsopano tibwere kuno kwathu, tione zimene zinkachitika zaka zomwezo. Nkhondo yomenyera ufulu inayamba pa 25 de Setembro 1964, ndipo kuno kunyanja mfuti zinalira msanga, ku Cóbuè kukhala kumodzi mwa malo oyamba. Ku Metangula kunali malo a asilikali a pamadzi a Apwitikizi. Anthu a ku mishoni ya Messumba ambiri anagwidwa ndi PIDE, apolisi achinsinsi a boma lija. Mabanja anawoloka pa mabwato kuthawira ku Likoma, ena ku Tanzania, ena n'kusonkhanitsidwa m'midzi yolonderedwa ndi asilikali. Ndiye taganizani: mwezi umene Eusébio ankagoletsa ku Liverpool, agogo athu ambiri anali kugona kwa eni, atasiya minda ya chinangwa ndi manda a makolo. Boma lomwe linkawathamangitsa ndi lomwe linkaonetsa zithunzi za timu ija kwa maiko akunja, n'kumati taonani, kwathu wakuda ndi woyera ndi amodzi. Amene amanena kuti Eusébio anagwiritsidwa ntchito sanama ayi.

Komabe tisathamange kumuweruza. Iyenso sanali mfulu monga tingaganizire. Matimu olemera a ku Italy anamufuna ndi ndalama zambiri, koma sanapite. Mwini wake ankafotokoza atakalamba kuti Salazar anakaniza ulendowo ponena kuti iye ndi chuma cha boma. Analowetsedwanso usilikali ngati anyamata ena. Munthu amene dziko lonse linkamuombera m'manja analibe mphamvu yosankha yekha kokagwira ntchito. Bondo lake analing'amba kuchipatala kangapo konse, koma ankabwererabe m'bwalo.

Ufulu unafika pa 25 Juni 1975, chaka chomwe Eusébio anasiya Benfica ali ndi zaka 33, mawondo atatha. Malaya a Portugal anali atawavala komaliza mu 1973, atasewera masewero 64 ndi kugoletsa zigoli 41. Masiku otsala a mpira wake anakathera ku United States, Mexico, Canada ndi m'matimu ang'onoang'ono a ku Portugal. Mu 1976 anatenga nawo chikho ndi timu ya ku Toronto. Malaya a Moçambique sanawavalepo ndi kamodzi komwe.

Mnzake Coluna anatsata njira ina. Iye anabwerera kwawo, naphunzitsa timu ya Textáfrica ya ku Chimoio imene inatenga ligi yoyamba ya dziko lomasuka mu 1976, ndipo pambuyo pake anatsogolera bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno. Eusébio anakhazikika ku Lisboa ngati kazembe wa Benfica, kuno ankangobwera kudzacheza. Awiriwa anatsatana pa ulendo womaliza: Eusébio anamwalira pa 5 Januwale 2014 ku Lisboa, Coluna mwezi wotsatira ku Maputo. Portugal inalira masiku atatu, ndipo mu 2015 mafupa a Eusébio anawasamutsira ku Panteão Nacional, kumene amagoneka anthu otchuka a dzikolo.

Ndiye ndi wathu kapena ngwa eni? Ife tikuona chonchi. Luso lija linaphukira pafumbi la Mafalala, limenelo palibe angatilande. Koma zikho ndi zigoli zinalembedwa m'buku la eni, chifukwa dziko lopanda ufulu silikolola ngakhale zimene ana ake adzala. N'chifukwa chake timu yathu ya Mambas inayamba ngati mwana wamasiye. Inafika koyamba ku chikho cha Africa mu 1986, ndipo inadikira mpaka Disembala 2025 kuti ipambane masewero ake oyamba kumeneko, pamene inagonjetsa Gabon 3-2 ku Morocco, mphunzitsi ali Chiquinho Conde. Anyamata ngati Reinildo Mandava ndi Geny Catamo anapita kukadya za mpira ku Ulaya monga anachitira Eusébio, koma iwo poitanidwa ndi dziko anavala malaya akwawo, naimba nyimbo ya fuko lawo. Mwayi umenewo mkulu uja sanaupeze.

Pokumana m'makalabu mwanu sabata ino, afunseni achikulire amene anaona chaka cha 1966 kuti anali kuti, ndipo dzina la Eusébio analimvera kuti. Zimene akuuzeni mulembe, mutitumizire kuno ku wailesi kuti tidzaziwerenge pa pulogalamu.