Kukamba na Gemu: Mbili ya Mau m'Masewela a pa Vidiyo

Ku wailesi kumene nimathandizako, mlendo aliyense timamuuza zinthu zitatu asanakhale pa maikolofoni: osayandikila kwambili, osathamanga, osakuwa. Koma mbili ya kusewela magemu na pakamwa inayamba na kukuwa komweko.

Mu 1983 kampani ya Nintendo ya ku Japan inatulutsa makina a magemu ochedwa Famicom, ndipo padi yake yaciwili inali na kamaikolofoni. Mu 1986 kunabwela The Legend of Zelda. Mmenemo munali cilombo ca makutu aakulu, Pols Voice, cimene cinali kufa munthu akakuwa pa padiyo. Makinawo sanali kumva liu lililonse, anali kungozindikila phokoso. Gemuyi itafika ku America, mapadi a kumeneko analibe maikolofoni, koma kabuku ka malangizo kanali kukambabe kuti cilomboco cimadana na phokoso.

Kumva mau enieni kunabwela pambuyo pake. Mu 1998 ana a ku Japan anayamba kukamba na Pikachu pa Nintendo 64, mu gemu imene m'Cingelezi inachedwa Hey You, Pikachu! Mu 1999 pa Dreamcast panatuluka Seaman, nsomba ya nkhope ya munthu imene inali kufunsa mafunso na kuyankha mwamwano. Mu 2003 pa PlayStation 2 panabwela Lifeline. Wosewela anali kutsogolela mtsikana dzina lake Rio m'hotela ya m'mlengalenga yodzala na zilombo, ndipo pafupifupi zonse zinali zocita kumuuza pakamwa. Maganizo anali abwino, koma ambili amaikumbukila cifukwa ca mkwiyo: umuuza cina, iye acita cina, cilombo cili pafupi.

Magemu a RPG, mmene umakhala munthu wa m'nkhani na kudzisankhila zocita, anayesa mwamphamvu mu 2012 kupitila mu Kinect, kacipangizo ka Microsoft ka pa Xbox 360. Mu Mass Effect 3 unali kulamula asilikali anzako pakamwa, ngakhale kuŵelenga mokweza yankho imene wasankha pokambilana. Mu Skyrim anaikamo malamulo a pakamwa opitilila 200. Apa mau anakhala pamalo pake, cifukwa m'nkhani ya Skyrim mphamvu ya ngwazi ili m'liu lake. Ukakuwa kuti “Fus Ro Dah” adani n'kugwela kutali, cimene wacita m'cipinda cako n'cimodzimodzi na cimene cacitika pa TV.

Ngakhale n'telo, mu 2017 Microsoft inaleka kupanga Kinect. Batani ni yacangu kuposa lilime, ndipo siikufunsa kuti ubweleze. Komanso ganizilani kukuwa cinenelo ca zinjoka usiku m'nyumba ya zipinda ziwili ku Chawama, amai ali mtulo. Mau amakuloŵetsa m'nkhani pokhapo ngati makina akumva. Akalephela kamodzi cabe, umakumbukila kuti uli pa mpando, ukamba na pulasitiki.

Apa m'pamene nkhaniyi itikhudza. Makina amamva mau ofanana na amene anaphunzitsidwa nawo, ndipo magemu onsewa anali kumva Cijapanizi, Cingelezi na zinenelo zina zocepa za ku Ulaya. Kuti kompyuta imve Cinyanja, pafunika maola ambili a mau ojambulidwa a anthu okamba Cinyanja. Mu 2023 ofufuza a pa University of Zambia anatulutsa Zambezi Voice, nkhokwe ya mau a Cibemba, Cinyanja, Citonga na Cilozi, ndipo mbali ina anaitenga m'mapulogilamu a pa wailesi.

N'cifukwa cake masiku ano, munthu akatuma foni ku pulogilamu yathu n'kuyamba kusakaniza Cinyanja ca m'tauni na Cingelezi, sinimuwongolela. Gemu imene idzamva mwana wa ku Matero akuti “tiye, thaŵa!” idzaphunzila ku mau ngati amenewo.