Makhadi a Khirisimasi ndi Machona

Amene anayambitsa makhadi a Khirisimasi anali munthu wothawa ntchito. Mu 1843 Henry Cole wa ku London, atatopa ndi kuyankha makalata a abwenzi ake, anapempha John Callcott Horsley kuti amjambulire chithunzi, nasindikiza makhadi 1,000 a mau amodzimodzi. Iye anapuma. Koma ntchito anaithawayo inadzagwera ine, mwana wa Sitandade 6 ku Senga Bay, patapita zaka zoposa 120.

Njira yake inali njanji. Sitima ya pamtunda inafika ku Salima mu 1935, ndipo sinangonyamula thonje ndi mtedza. Inanyamulanso amuna, ena ku Halale, ena ku migodi ya ku Joni. M'mbuyo munatsala akazi osadziwa kulemba. Tsono Disembala akalowa ankagula makhadi ku sitolo za Amwenye, nandikhazika pansi pa mtengo wa mango.

"Lemba, mwanawe, kuti denga likudontha. Lemba kuti bwato lang'ambika. Mangawa usatchule."

Malo olembapo anali ochepa ngati chikhatho, ndipo pamwamba pake anajambulapo chipale chofewa chimene palibe mmodzi wa ife anachionapo. Malipiro anga anali usipa wodzaza mbale. Ndinkadana nayo ntchitoyi, chifukwa anzanga anali kosambira. Ngakhale anansi athu Achisilamu ankabwera pa mzerewo, pakuti nkhani sinali ya ku Betelehemu. Khadi linali funso: kodi muli moyo, nanga mukutikumbukira? Mwamuna akaphonya Khirisimasi ziwiri osayankha, mudzi unkayamba kumutchula mtchona, ndipo ankhoswe ankayamba kunong'onezana za mkazi wake.

Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, nipha Amalawi 74 amene anali kubwerera kwao. Dr Banda analetsa Wenela kulembanso anthu m'dziko muno. Amuna zikwizikwi anabwerako m'zaka ziwiri zotsatira, ndi masutikesi ndi mawailesi ao, ndipo mzere wa pansi pa mango unafupika.

Azakhali anga okha sanaleke. Amuna ao sanali m'ndegemo, komanso sanali pakati pa obwerawo. Makhadi atatu anabwezedwa osatsegula. Lachinayi ndinalilemba mu 1977, ndili kale ku sekondale, ndipo nditafunsa zoti ndilembe anati, "Dzina langa lokha, ndi la mwana." Sitampa anagula ndi ndalama ya chigayo.