Cigaza ca ku Kabwe ndi Ulalo wa pa Kafue

Munthu amene aima m'mbali mwa mtsinje pa mudzi wa Kafue, mamailosi osakwana 30 kumwera kwa Lusaka, aona ulalo wautali wa zitsulo umene sitima za pamtunda ziolokerapo. Ulalo umenewu unatha kumangidwa m'caka ca 1906. Uli ndi zigawo 13 zokhazikika pa nsanamira za simenti, ndipo utali wace ndiwo mapazi 1,400. Pa masiku amenewo panalibe ulalo wina wouposa pa njanji yonse ya Rhodesia.

Azungu sanamange ulalo wotere cifukwa ca asodzi a pa Kafue kapena alimi a m'mphepete mwace. Maso ao anali kumpoto. M'caka ca 1902 munthu wina wofufuza miyala, dzina lace T. G. Davey, anapeza mtovu ndi zinki pa malo amene eni dziko anali kuwadziwa kale ndi dzina lakuti Kabwe, ndipo iye anawapatsa dzina latsopano lakuti Broken Hill, potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika kumeneko mu 1906. Kuyambira pamenepo katundu wocokera ku mgodi kupita ku nyanja yamcere anali ndi njira imodzi yokha, ndiyo ya pa ulalo wa Kafue. Tsono pakati pa cuma conse cimene cinaturuka m'dziko ndi njira ya kumwerayo panali cinthu cimodzi cimene mlandu wace sunathe kufikira lero. Cinthuco ndico cigaza ca munthu.

Pa 17 June 1921 anthu awiri anali kukumba m'phanga la m'mgodi wa Broken Hill, mapazi ngati 90 pansi pa nthaka. Mmodzi anali Mzungu wa ku Switzerland, Tom Zwigelaar. Winayo anali munthu wakuda, wanchito wace. Phangalo linali lodzala ndi mafupa a nyama zakale, ndipo popeza mafupawo anali atalowerera mtovu ndi zinki, kwa zaka zambiri anchito anali kuwatumiza ku ng'anjo pamodzi ndi miyala. Koma tsiku limenelo anafukula cigaza cosiyana ndi ca munthu wa lero, ca mphumi yophwatalala, ndi mafupa okhuthala pamwamba pa maso. Mano ace ambiri analipo, ndipo angapo anali obooka ndi nthenda, kusonyeza kuti mwini wace anazunzika nao asanafe. Nsagwada ya pansi sinapezeke.

Kampani ya mgodi inatenga cigazaco nicipereka monga mphatso ku nyumba yaikuru yosungiramo zinthu zakale mu London, imene lero ichedwa Natural History Museum. M'mwezi wa November caka comweco katswiri wa kumeneko, Arthur Smith Woodward, analengeza kuti papezeka mtundu wa munthu umene sunadziwike kale, naupatsa dzina lakuti Homo rhodesiensis. Mbiri yace inamveka m'maiko onse, pakuti cimeneci cinali cigaza coyamba ca munthu wamakedzana cotere kupezeka mu Africa. Charles Darwin anali ataganizira mu 1871 kuti ciyambi ca anthu cinali mu Africa, koma akatswiri ambiri a ku Ulaya anali kuyang'ana ku Asia. Cigaza ca ku Kabwe cinayamba kutembenuza maso ao. Mu 2020 akatswiri ena, pakati pao Rainer Grün ndi Chris Stringer, anayesanso msinkhu wace ndi njira zatsopano, napeza kuti mwini wace anakhala ndi moyo zaka ngati 299,000 zapitazo.

Apa omvera ayenera kusamalira nkhani ya maina, cifukwa pamenepo ndi pamene pali mtima wa mlanduwu. Dzina la Zwigelaar lilembedwa m'mabuku onse onena za cigazaci. Dzina la Woodward lilembedwa pambali pa dzina la mtunduwo. Dzina la Cecil Rhodes, amene anamwalira mu 1902 asanaone mgodiwo, lakhala pa munthu amene anayenda m'dziko lino zaka zikwi mazana ambiri Rhodes asanabadwe. Koma dzina la munthu wakuda amene anali m'phangamo, ndi cokumbira m'manja, palibe amene analilemba. Ngakhale pamene katswiri wina wa ku America, Aleš Hrdlička, anafika ku mgodi mu 1925 kudzafunsa bwino za kapezedwe kace, dzinalo silinalowe m'buku. Kaya anali Mlenje, kaya Mlala, kaya Mcewa wobwera kudzafuna ndalama za msonkho, mapepala ali cete. Anali ndi amai ace, anali ndi mudzi ndi pfuko, koma kwa olemba a nthawi imeneyo iye anali manja cabe. Cotero dziko linataya zinthu ziwiri pa tsiku limodzi: fupa linapita ku London, ndipo dzina linakwiririka ku Kabwe.

Ufulu utabwera pa 24 October 1964, maina ambiri anabwezedwa. Northern Rhodesia inakhala Zambia, Broken Hill inakhalanso Kabwe, Fort Jameson inakhala Chipata. Kusintha dzina la mudzi kunali kwapafupi, pakuti kunali m'manja mwa Boma latsopano. Kubweza cigaza kunali m'manja mwa ena. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 Boma la Zambia lakhala likupempha kuti cibwere kwao, ndipo mau ace ndi awa. Mu 1912 boma la Kampani ya British South Africa, limene linali kulamulira dzikoli, linaika lamulo lochedwa Bushman Relics Proclamation, loletsa kuturutsa zotsala za anthu akale popanda cilolezo. Anthu a Zambia anena kuti cilolezo cimeneco sicinaperekedwe mu 1921, ndipo kuti eni mgodi anapereka mphatso imene sinali yao. M'bwalo la mfumu iriyonse nkhani yotere ndi yodziwika. Munthu akapeza mbuzi m'munda mwace naipatsa mnzace, mwini mbuzi akafika, wolandirayo sangakane kuibweza ponena kuti anailandira ndi manja awiri.

Nao a ku London ali ndi mau ao, ndipo ndi bwino kuwamva, pakuti mlandu sauweruza ndi khutu limodzi. Iwo anena kuti cigazaco casungidwa bwino zaka zoposa 100, ndi kuti akatswiri a mitundu yonse aciona ndi kuciyesa. Cimeneci ndi coona, ndiponso ncoona kuti phanga lomwe cinapezekamo linagumulidwa lonse ndi nchito ya mgodi, kotero kuti cikadapita ku ng'anjo monga mafupa ena, palibe akadacidziwa. Koma cipupa cacikuru ndico lamulo la Britain la 1963, British Museum Act, limene liletsa oyang'anira nyumbayo kupereka zinthu zosungidwamo, kupatula pa zifukwa zowerengeka. Mu 2004 Britain inapanga lamulo lina lolola kubweza mafupa a anthu kwa eni ace, koma lamulolo linena za anthu amene anafa zaka zosakwana 1,000 zapitazo. Munthu wa ku Kabwe anakalamba kopitirira muyeso umenewo. M'mwezi wa May 2018 nkhaniyi inakambidwa ku Paris, pamaso pa komiti ya UNESCO yoona za kubweza cuma ca mitundu, ndipo nthumwi za Britain zinabvomera kukambirana ndi Zambia. Cikhalireco cigazaco ciri mu London.

Ena afunsa ngati cinthu cotere cinacitikapo, kuti nyumba ya ku Ulaya ibweze cimene inatenga. Cinacitika ndithu. Mfumu Mkwawa ya Ahehe a ku Tanganyika inamenyana ndi Ajeremani kufikira imfa yace mu 1898, ndipo mutu wace unatengedwa kupita ku Germany. Pangano la mtendere la ku Versailles la 1919 linalamula kuti ubwezedwe, koma panapita zaka 35. Bwanamkubwa Edward Twining anapita yekha ku Bremen kukafunafuna, ndipo mu 1954 cigaza cinaperekedwa kwa Ahehe. Lero cisungidwa ku Kalenga pafupi ndi Iringa. Mu 2002 France inabweza mtembo wa Sarah Baartman ku South Africa, itayamba yapanga lamulo lapadera m'nyumba yace ya malamulo. Mu 2021 France yomweyo inabweza ku Benin zinthu 26 za mafumu a ku Abomey zimene asilikali ace anafunkha mu 1892. Nkhani zimenezi zionetsa kuti lamulo loletsa lipangidwa ndi anthu, ndipo anthu omwewo akhoza kulimasula akafuna.

Enanso afunsa ngati Zambia ingathe kusunga cuma cotere. Yankho lace liri kumwera kwa Kafue. Munthu akatsata mseu wocokera ku Kafue kutsikira ku cigwa ca Zambezi, afika pafupi ndi citunda cochedwa Ingombe Ilede, ndiko kunena kuti ng'ombe yagona, cifukwa ca mlambe wogwa umene uoneka ngati ng'ombe iri gone. Mu 1960 anchito anali kukumba pamenepo kuti aike thanki ya madzi ya Atonga amene anasamutsidwa cifukwa ca damu la Kariba, ndipo anapeza manda. J. H. Chaplin anafukula mandawo, ndipo pambuyo pace Brian Fagan anapitiriza nchitoyo. Akufa ena anaikidwa ndi mikanda ya golidi, mikanda ya magalasi yocokera kutsidya la nyanja, zigwinjiri, mitanda ya mkuwa imene inali ngati ndalama, ndi zipangizo zokokera waya. Anali amalonda olemera a pa Zambezi, ocita malonda ndi maiko akutali.

Cuma cimeneci sicinakwere sitima ya ku London. Cinapita ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Livingstone. Kusiyana kwace ndi kwa 1921 kunali kwakuti tsopano dziko linali ndi nyumba yace yace, imene inayamba mu 1934, ndiponso linali ndi bungwe loyang'anira malo ndi zinthu zakale, limene linayamba nchito mu 1948 ndi kulowedwa m'malo ndi National Heritage Conservation Commission mu 1989. Pambuyo pace panabwera nyumba zina: Moto Moto ku Mbala, ya ku Copperbelt mu Ndola, ndi Lusaka National Museum imene inatsegulidwa mu 1996. Ngakhale cigaza ca mwana wa ku Taung, cimene cinapezeka mu 1924, zaka zitatu zokha pambuyo pa ca ku Kabwe, cinakhala ku Johannesburg, ndipo akatswiri a maiko onse apita kumeneko kukaciona. Wofuna kuona mwana apita kwa amace.

Koma kubwera kwa fupa sikudzatsiriza nchito yonse. Nyumba zoyamba zosungiramo zakale mu Africa zinakonzedwa ndi alendo, ndipo zinaika mbiya, mikondo ndi ng'oma za anthu monga zinthu za mtundu wakuti, osachula mmisiri amene anaziumba kapena kuzisula. Dzina lolembedwa pa cikalata linali la wopereka mphatso. Cizolowezi cimene cinaiwala wokumba wa ku Kabwe ndi comwe cinaiwala woumba mbiya, wosula mkuwa, ndi amuna mazana amene ananyamula zitsulo za ulalo wa Kafue. Cilungamo m'nyumba zimenezi cifuna kuti wolemba cikalata afunse poyamba kuti cinthuci anacipanga ndani, anacipeza ndani, ndipo cinacoka bwanji m'manja mwa eni ace.

Kwa Acewa ndi anansi ao, manda ndiwo umboni wa mudzi. Pakabuka mkangano wa malo, akuru aloza ku msitu kumene agona makolo ao, ndipo palibe mboni yoposa imeneyo. Cifukwa cace anthu a Zambia saona cigazaci monga mwala wodabwitsa cabe. Aciona monga kholo la anthu onse limene nthaka yao inasunga. Lero ana a sukulu ocokera ku Kafue akapita ku Lusaka kukaona nyumba yosungiramo zakale, aphunzitsi awaonetsa cifanizo coumbidwa, nawauza kuti ceniceni ciri kutsidya la nyanja. Dzina la wokumba uja silingapezekenso, koma malo ace pa cikalata akhoza kulembedwa, kuti anthu awiri ndiwo anafukula, ndipo mmodzi anali mwana wa dziko lino. Za fupalo akuru anati mlandu suola. Zaka 35 sizinaoletse mlandu wa Ahehe, ndipo zaka 100 sizinaoletse wa ku Kabwe.