Magiya a njinga yamoto anachokera kuti, nanga akavuta tiyambire pati?

Uthengawu ndi wautali ndithu, amene batire yatsala pang'ono sungani kaye, muwerenge madzulo mukatchaja.

Ine ntchito yanga ndi mainjini a maboti, koma masiku ano sabata siyitha osabwera mnyamata wa kabaza akukankha njinga. Wina akuti giya ikutuluka yokha, wina akuti nyutulo sikupezeka, wina akuti injini ikungolira koma liwiro palibe. Ambiri amafika atauzidwa kale kwina kuti "giyabokosi yatha, timasule injini yonse." Munthu woti njingayo ndi ya ngongole kapena ya bwana wofuna ndalama yake tsiku lililonse, mawu amenewa amamudula miyendo. Ndiye ndati ndilembe mbiri ya magiyawa, chifukwa ukadziwa kuti chitsulo chilichonse anachiikiranji, sunamizidwa wamba.

Njinga zoyamba zinalibe giya. M'chaka cha 1885 ku Germany, Gottlieb Daimler ndi Wilhelm Maybach anamangirira injini ya petulo pa njinga yamatabwa, n'kuitcha Reitwagen. Imeneyo inali yongoyeserera. Yoyamba kupangidwa zambiri n'kumagulitsidwa inali ya Hildebrand & Wolfmüller ya ku Munich mu 1894. Imeneyi mikono ya mapisitoni inkakankha tayala lakumbuyo mwachindunji ngati sitima yapamtunda ya malasha. Kilatchi panalibe, giya panalibe. Poliza unkathamanga nayo, ikalira n'kudumphirapo. Ukafuna kuima, injini nayonso izime basi. Tangoganizani kabaza wotero pa msika wa Mangochi tsiku Loweruka.

Kenako anabweretsa lamba wachikopa wochokera ku injini kupita ku tayala. Giya inali imodzi yomweyo, ndipo njinga zambiri zinali ndi mapedulo kuti pa chitunda mwini wake azipalasa kuthandiza injini. Mvula ikagwa lamba ankaterereka. Vuto lenileni linali ili: injini ya petulo imakhala ndi mphamvu ikamazungulira mothamanga, pomwe tayala poyambira ndi pokwera limafuna kuzungulira pang'onopang'ono koma mwamphamvu. Pankafunika chinthu chapakati choyanjanitsa ziwirizi. Mu 1908 kampani ya Zenith ku England inatulutsa Gradua, ya Freddie Barnes, yomwe unkatha kukulitsa kapena kuchepetsa pule ya lamba uku ukuyenda. Inkapambana mipikisano yokwera mapiri mpaka makalabu ena anailetsa, eni ake n'kutenga chiletsocho kukhala chizindikiro chotsatsira malonda.

Mlandu wa lamba ndi tcheni unagamulidwa pa mpikisano wa Isle of Man TT wa 1911. Chaka chimenecho anasamutsira mpikisano ku msewu wokwera phiri la Snaefell, wa makilomita pafupifupi 60 kuzungulira kamodzi. Njinga za Indian zochokera ku America, zokhala ndi kilatchi, magiya awiri ndi tcheni, zinatenga nambala wani, thu ndi fili, patsogolo pali Oliver Godfrey. Kuyambira pamenepo aliyense anaona kuti tsogolo ndi giyabokosi ndi tcheni, ngakhale lamba anakakamirabe zaka zingapo.

Komatu magiya a nthawiyo ankasinthidwa ndi dzanja. Ndodo inali m'mbali mwa thanki, unkasiya chiwongolero n'kufufuza giya ngati ukufuna machesi mumdima. Amene anakonza zimenezi ndi Harold Willis wa kampani ya Velocette. Mu 1928 anapanga chopondera cha phazi chimene ukachiponda chimasuntha giya imodzi yokha, kenako sipuling'i n'kuchibweza pakati kudikira kupondedwanso. Chaka chomwecho Alec Bennett anapambana Junior TT pa Velocette. Chopondera chimene mukupondaponda lero pa Boxer kapena pa Lifan ndi mdzukulu wa chimenecho. Kwa zaka zambiri njinga za ku Britain zinkasintha giya ndi phazi lamanja pomwe za ku Japan zambiri zinali kumanzere, mpaka America inalamula kuti kuyambira 1975 njinga zogulitsidwa kumeneko giya izikhala kumanzere, buleki kumanja. Msika wa America unali waukulu, ndiye makampani anangotsatira.

Ife a kunyanja nkhaniyi imatikhudzanso njira ina. Nkhondo yachiwiri itatha, pulani ya njinga yaing'ono ya ku Germany yotchedwa DKW RT125 inatengedwa ndi mayiko opambana. Ku Britain inasanduka BSA Bantam, ku America Harley-Davidson anapanga yake, ndipo mu 1955 kampani ya ku Japan yodziwika ndi zoimbira inatengera pulani yomweyo n'kupanga YA-1. Kampaniyo ndi Yamaha. Mu 1960 inatulutsa injini yake yoyamba ya boti, P-7. Ndiye Enduro imene imakoka boti la chilimira usiku ndi njinga ya kabaza ndi pachibale, ndipo chibale chake chimaonekera m'magiya momwemo.

Njinga ziwiri za Honda ndi zimene zinafikitsa zonsezi kwa anthu wamba. Yoyamba ndi Super Cub ya 1958, ya Soichiro Honda ndi mnzake wa zamalonda Takeo Fujisawa. Inali ya magiya atatu ndi kilatchi yogwira yokha injini ikakwera, kuti mnyamata woperekera zakudya athe kuyendetsa dzanja lina litanyamula katundu. Pofika 2017 anali atapanga 100 miliyoni. Yachiwiri ndi CG125 ya 1975. Akatswiri a Honda atayendera mayiko osauka anapeza kuti anthu amakweza banja lonse pa njinga imodzi, oyilo samasintha mpaka atada bii, ndipo kwa makaniko amapita njinga ikafa kale. M'malo motikalipira, anapanga injini yopirira nkhanza. Njinga zambiri za ku China zimene zadzaza m'misewu mwathu injini yake anatengera ku CG imeneyi. N'chifukwa chake ukaphunzira kutsegula imodzi, waphunzira zambiri.

Tsopano mkati mwa giyabokosi muli chiyani? Muli mashafuti awiri, ndipo mano a magiya ake amakhala olumana nthawi zonse. Posintha giya sikuti mano akuluakuluwo amalowa ndi kutuluka ayi. M'mbali mwa magiya ena muli timitu totuluka, amakaniko amati madogi, timene timalowa m'mabowo a giya yoyandikana nayo n'kuimanga ku shafuti. Chimene chimakankha giya kuti madogi alowe ndi foloko, ndipo foloko imayendetsedwa ndi mizere yokumbidwa pa diramu. Ukaponda, diramu imatembenuka pang'ono, kagudumu ka sipuling'i n'kuigwira pamalo pake. Amene munaonapo giyabokosi ya kumunsi kwa Enduro itatsegulidwa, ndi nzeru yomweyo: giya yakutsogolo ndi ya rivesi zonse zimazungulira nthawi imodzi, dogi n'kumatsetsereka pa shafuti ya pulopela kusankha imodzi. Bambo anga, omwe akhala pa nyanja moyo wawo wonse, amakalipira mlovi aliyense wolowetsa giya monyengerera mpaka kumveka krrr. Amati tsitsa moto, lowetsa kamodzi. Akunena zoona, phokoso limenelo ndi makona a madogi akudyeka. Pa njinganso ndi chimodzimodzi.

Mbiri imeneyi ndi imene imatipatsa ndondomeko yofufuzira. Zimene zinabwera poyamba, tcheni ndi kilatchi, zili kunja ndipo n'zotsika mtengo. Zimene zinabwera pambuyo zili mkati. Ndiye yambirani kunja.

Choyamba tcheni. Imikani njinga pa sitandi yapakati, kankhani tcheni pakati pa masipuloketi awiri. Njinga zambiri zazing'onozi chimayenera kusewera mamilimita 20 mpaka 30, koma onani chomata cha pa njinga yanu kapena buku lake. Zungulitsani tayala muyese malo angapo, chifukwa tcheni chakutha chimakhala cholimba pena, cholobodoka pena. Mano a sipuloketi akasongoka n'kupindika ngati mbedza, tcheni chimalumpha mukakoka moto, munthu n'kumaganiza kuti giya ikutuluka. Kuno mchenga wa ku doko ukasakanikira ndi girisi umadya zitsulo ngati tupa. Tsukani tcheni ndi palafini, chiume, kenako thirani oyilo. Posintha, sinthani tcheni ndi masipuloketi onse awiri pamodzi, apo ayi chakale chidya chatsopano. Ndipo musagwire tcheni injini ikulira, zala sizimeranso.

Chachiwiri chopondera. Chigwedezeni ndi dzanja. Ngati chikusewera pa shafuti yake, bawuti yamasuka kapena timano tadyeka, ndiye mukaponda diramu siitembenuka mokwanira, giya imalowa theka. Ngati chapindika njinga itagwa, mwina chikugunda chivundikiro cha injini. Ngati mukaponda sichibwerera chokha, ndi sipuling'i ya Willis ija yathyoka. Pa njinga za mtundu wa CG imeneyi imapezeka mukachotsa chivundikiro cha kumanja ndi kilatchi, osang'amba injini pakati.

Chachitatu kilatchi, ndipo matenda ake ndi awiri otsutsana. Ikamaterereka, injini imakwera mawu koma njinga siwonjezera liwiro, makamaka mu giya yomaliza, pa chitunda kapena mutasenza madengu a usipa. Ikamakoka, njinga imafuna kuyenda ngakhale mwafinya handulo yonse, giya wani imalowa ndi chiphokoso, ndipo nyutulo imavuta injini ikulira koma imapezeka bwinobwino mukazimitsa. Zonse ziwiri yambani ndi kebulo. Kunsonga kwa handulo kuzisewera mamilimita 10 mpaka 20 kebulo isanayambe kukoka. Ikathina kwambiri kilatchi imaterereka, ikalobodoka kwambiri imakoka. Kuchuna kebulo sikufuna ndalama, ndi sipanala basi. Zikakanika pamenepo ndiye tikambe za mapuleti akutha, mapuleti achitsulo opindika ndi kutentha, masipuling'i ofooka, kapena mikwingwirima pa dengu la kilatchi imene imagwira mapuleti kuti asamasuke.

Chachinayi oyilo. Pa boti la Enduro oyilo wa injini timasakaniza ndi petulo, wa giyabokosi ali payekha kumunsi. Njinga za kabazazi n'zosiyana: oyilo mmodzi yemweyo amasambitsa injini, magiya ndi kilatchi. Oyilo wina wa galimoto ali ndi mankhwala oterereretsa kwambiri amene amapangitsa mapuleti kulephera kugwirana. N'chifukwa chake mu 1998 ku Japan anakhazikitsa muyezo wa oyilo wa njinga, ndipo pa botolo muzifuna zilembo zakuti JASO MA kapena MA2. Wa m'mabotolo a Fanta wa m'mbali mwa msewu simungadziwe kuti ndi wanji. Pokhetsa oyilo, khetserani m'mbale yoyera muone padzuwa. Kunyezimira pang'ono ngati fumbi si nkhani, koma tizidutswa tachitsulo togwirika ndi chala ndiye kuti mkati mwathyoka kanthu. Akaoneka ngati tiyi wamkaka mwalowa madzi, kaya powoloka mtsinje kaya potsukira njinga m'nyanja.

Nanga ndi liti pamene kung'amba injini kuli koyenera? Ngati zonse zapamwambazi zili bwino, koma giya imodzi yomweyomweyo, kawirikawiri giya thu, imatuluka yokha mukakoka moto, amenewo ndi madogi odyeka makona kapena foloko yopindika. Giya thu imavutika kwambiri chifukwa pa njinga zoyamba wani pansi, pochoka wani kupita thu mumadutsa pa nyutulo, ndiye phazi laulesi limalowetsa theka. Ngati magiya onse akutuluka mosasankha, onani kaye kagudumu kogwira diramu kaja, nako kali kuseri kwa kilatchi. Ngati phokoso likumveka mu giya imodzi yokha, dzino lathyoka. Kulira kosalekeza kumene kumasintha mukafinya kilatchi kawirikawiri ndi beringi. Mawu anga kwa oyamba kumene ndi awa: ntchito ya tcheni, kebulo, oyilo ngakhale mapuleti mutha kuphunzira pakhomo, koma kung'amba injini koyamba chitani pali munthu wodziwa. Jambulani ndi foni chilichonse musanachotse, yalani mawashala motsatana pa katoni, osati pa mchenga. Posintha giya yodyeka sinthaninso inzake imene imalumana nayo madogi, muonenso foloko. Musanatseke, tembenuzani diramu ndi dzanja muone kuti magiya onse akulowa.

Giya yotuluka yokha musaizolowere n'kumangoigwira ndi phazi, chifukwa kutero ndi kumene kumapinda foloko. Komanso potsika Khwekhwerere kapena zitunda za njira ya ku Chembe muli ndi pasinjala kumbuyo, giya ndi imene imathandiza mabuleki. Ikatuluka pamenepo mwatsala ndi mabuleki okha, ndipo akatentha amasiya kugwira.

Makaniko akakuuzani kuti giyabokosi yatha, mufunseni mwaulemu kuti giya yanji, waona chiyani mu oyilo, kebulo ndi tcheni wayesa kale? Wodziwa ntchito sakwiya ndi mafunso amenewa, amakuonetsani ndi chala. Zitsulo zakale zimene wachotsa muzitenga ndithu, ndi zanu.

Tumizirani anzanu a kabaza a ku Makanjira, Monkey Bay, Senga Bay, Nkhotakota mpaka Nkhata Bay. Amene njinga yake ikuchita zina zimene sindinatchule pano alembe mu gulu, anene mtundu wa njinga ndi giya imene ikuvuta, tithandizane. Ulendo wina ndilemba za kabuleta ndi petulo wa m'zigubu.