Occupy Wall Street ndi Funso la Sosholizimu

Occupy Wall Street ndi dzina la zionetsero zotsutsa chikapitalizimu zomwe zinayamba pa 17 Seputembala 2011 mumzinda wa New York, anthu atakamanga misasa mu Zuccotti Park, kabwalo koyandikana ndi msewu wa Wall Street komwe kuli msika waukulu wa masheya ku America. Amene anamema anthu anali a magazini ya ku Canada yotchedwa Adbusters, koma mkwiyo wake unali utafuka kale. Chuma chitagwa mu 2008, boma linavomereza madola 700 biliyoni opulumutsira mabanki, pomwe mabanja mamiliyoni ankalandidwa nyumba chifukwa cholephera kubweza ngongole. Mfuu ya ochita zionetserowa inali yakuti iwo ndi anthu 99 mwa 100 alionse, ndipo mmodzi wotsalayo ndiye akudya yekha. Apolisi anaphwasula misasayo usiku wa pa 15 Novembala, miyezi iwiri isanakwane.

Zionetserozi zinali ndi makolo ake. Mu 1999 anthu anatseka misewu ya ku Seattle kusokoneza msonkhano wa World Trade Organization, ndipo mu Meyi 2011 achinyamata a ku Spain anagona pabwalo la Puerta del Sol ku Madrid. Madandaulo ambiri a m'nthawi ya zionetsero za ku Seattle ankakhudza IMF ndi World Bank, mabungwe omwe Amalawi amawadziwa bwino, pakuti kuyambira mu 1981 ngongole zawo zinkabwera ndi malamulo otsitsa mphamvu ya kwacha, ogulitsa makampani a boma ndi ochepetsa ntchito za ADMARC.

Chimene chinasiyanitsa Occupy chinali kayendetsedwe kake. Panalibe mtsogoleri, panalibenso mndandanda wa zofuna woti akaupereke ku boma. Nkhani iliyonse inkakambidwa pabwalo mpaka onse agwirizane, motsatira maganizo a anthu monga David Graeber, katswiri wa chikhalidwe cha anthu yemwe sankakhulupirira ulamuliro wa boma kapena wa chipani. Popeza lamulo la mzindawo silinkalola zimkuzamawu popanda chilolezo, wolankhula ankanena mawu ochepa n'kupuma, oyandikana naye n'kuwabwereza mofuula kuti akumbuyo amve. Wovomereza ankakweza manja n'kugwedeza zala, wokana kotheratu ankapingasa mikono pachifuwa. Panali khitchini yodyetsa aliyense ulere komanso laibulale ya mabuku masauzande. Zinali zosiririka ndithu, koma masiku onsewo msika wa masheya sunatseke chifukwa cha iwo, ndipo bwalolo litalandidwa gululo linasowa pogwira.

Apa m'pamene maganizo a sosholizimu amaonetsa kuti akadali ndi ntchito kwa andale a kumanzere, omwe amafuna kuti chuma chigawidwe mofanana. M'buku lake la Das Kapital la mu 1867, Karl Marx sanalekere pa kudandaula kuti ena ndi olemera kwambiri. Anafunsa kuti mwini fakitale, munda kapena banki ndani, ndipo phindu lake limachokera kuti. Yankho lake linali lakuti wantchito amapanga zochuluka kuposa malipiro ake, chotsalacho n'kupita kwa mwini chuma. Ngati zili choncho, ndiye kuti mphamvu ya anthu wamba ili pamalo pomwe iwo akaleka kugwira ntchito phindu limaima. Mfuu ya 99 ija inaloza bala koma sinatchule matenda, chifukwa m'gulu limenelo muli dokotala, mwini lesitilanti ndi wotsuka mbale wake, omwe zofuna zawo zimawombana pa nkhani ya malipiro. Umboni wa mphamvu ya antchito ija uli ku Cochabamba m'dziko la Bolivia, kumene madzi a mzindawo ataperekedwa kwa kampani yogwirizana ndi kampani ina yotchedwa Bechtel, mitengo inakwera mu 2000. Bungwe la ogwira ntchito m'mafakitale linagwirana manja ndi alimi a mthirira, ananyanyala ntchito ndi kutseka misewu, ndipo mu Epulo mgwirizanowo unathetsedwa. Ku New York komweko, ogulitsa zakudya m'malesitilanti ananyanyala mu Novembala 2012 mothandizidwa ndi yuniyoni, kufuna madola 15 pa ola, ndipo mu 2016 zigawo za New York ndi California zinakhazikitsa malamulo okweza malipiro pang'onopang'ono kufika pamenepo.

Otsutsa ali ndi mfundo yolemera: sosholizimu inayesedwa kale ndipo inasiya manda. Njala ya ku Ukraine ya mu 1932 ndi 1933 pansi pa Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, ndi ya ku China yomwe inatsatira ndondomeko ya Mao ya mu 1958, zinapha anthu mamiliyoni, ndipo Soviet Union inagwa mu 1991. Pafupi pomwepa, ujamaa wa Julius Nyerere unafika posamutsira alimi a ku Tanzania m'midzi yatsopano mokakamiza m'zaka za m'ma 1970, ndipo ulimi sunatukuke monga ankayembekezera. Wakumanzere amene amazemba mbiri imeneyi sayenera kukhulupiriridwa. Komabe kufotokoza m'mene chikapitalizimu chimayendera ndi nkhani ina, kulamula dziko ndi chipani chimodzi ndi nkhani inanso. Marx analemba zambiri pa nkhani yoyambayo, zochepa kwambiri pa za boma la m'tsogolo, ndipo Rosa Luxemburg, yemwe anali msosholisiti weniweni, anachenjeza chipani cha Lenin cha ku Russia mu 1918 kuti kupha ufulu wa zisankho ndi wa atolankhani kudzasiya mphamvu m'manja mwa akuluakulu ochepa. N'zoonanso kuti Marx anaphonya poganiza kuti antchito a m'maiko a mafakitale ndiwo adzayambe kugwetsa mabwana awo, ndipo wakabaza kapena venda alibe bwana woti amunyanyalire. Koma wakabaza wobwereka njinga yamoto, yemwe madzulo alionse amapereka ndalama kwa mwini wake asanaone yakeyake, funso la Marx amalidziwa ngakhale sanalimvepo dzina lake.

Ena amati Occupy inapambana m'njira yake, chifukwa inalowetsa nkhani ya kusiyana kwa olemera ndi osauka m'ndale za America, n'kulambulira njira Bernie Sanders, yemwe ankafuna kupikisana nawo pa upulezidenti mu 2016. Zimenezo n'zoona, koma zikungotsimikiza kuti mkwiyowo unafunika chipani, mayuniyoni ndi atsogoleri, zomwe a mu Zuccotti Park ankazikana. Ngakhale chipanicho pachokha sichikwanira. Ku Greece, chipani cha Syriza chinapambana zisankho mu Januwale 2015 chitalonjeza kuthetsa ndondomeko zodula ndalama zothandizira anthu. European Central Bank itaika malire pa ndalama zopita kumabanki a dzikolo, mabanki anatsekedwa ndipo munthu ankaloledwa kutapa mayuro 60 okha patsiku. Pa 5 Julaye ovota 61 mwa 100 alionse anakana zofuna za obwereketsa ngongole. Patangotha sabata imodzi nduna yaikulu Alexis Tsipras inavomera mfundo zowawa kuposa zokanidwazo, chifukwa boma linali m'manja mwake koma ndalama zinali m'manja mwa ena.